Fulawa m'Zikhadabo

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinkadzuka
mzinda wa Toledo uli mtulo,
chipale chofewa chitakwirira msewu wa Consaul,
n'kumakanda fulawa pansi pa babu imodzi.
Bambo anga, a Szabo, anandisiyira uvuni,
mipando isanu ndi umodzi,
ndi kope lofiira la ngongole
lolembedwa ndi pensulo m'Chihangare.

Bekale tinatseka mu Malichi.
Uvuni ananyamula anyamata anayi
akukangana za mpira wadzulo.

Tsitsi litayamba kale imvi
ndinakagula chikwama cha sukulu.
M'kalasi yamadzulo ndinkakhala kutsogolo
chifukwa cha maso, osati khama,
ndipo mtsikana wina anandifunsa mwaulemu
ngati ndine mphunzitsi.

Bungwe loona za owerengera ndalama
linandiyankha kuchokera ku Columbus:
maola amaphunziro ofunika ndi zana ndi makumi asanu,
inu mwaperewera atatu.
Atatu okha!
Ndinawagula ndi mphete ya mayi anga,
chilimwe chonse ndikuphunzira malamulo amisonkho
anzanga akuotcha nyama kuseri kwa nyumba.

Mayeso ali panayi.
Pakhomo amakupisa m'matumba,
amakuuza ukwinye manja a malaya,
ngakhale magalasi amawatembenuza
ngati wabisamo mayankho.
Chala changa makina anachikana kawiri.
Uvuni unafufuta mizere yake kalekale.

Pa mayeso ofufuza mabuku ndinapeza 74.
Wokhoza amayambira pa 75.
Ndinakhala m'galimoto osaliza injini
mpaka mpweya wanga unaphimba galasi,
kenaka ndinapita kukagula buledi wa m'sitolo,
woyamba m'moyo wanga,
wofewa ngati thonje, wosanunkhira kanthu.
Ndinadya theka ndili chiimire.

Ulendo wachiwiri ndinapeza 81,
koma palibe amene amandifunsa za nambala imeneyo.

Kunatsala chaka chogwira ntchito pansi pa mwini laisensi.
Wanga anali Devin Aldrich,
wobadwa chaka chimodzi ndi mwana wanga Tibor,
wodya chimanga chokazinga pamwamba pa mafailo a anthu.
Ankandibwezera mapepala atazunguliza mofiira.
Mwaiwala risiti, mayi Ilona.
Mwaika ngongole kumene kumakhala chuma.
Ndinkameza malovu n'kuyambiranso.
Mtanda ukakana kufufuma sukalipira,
umaufunditsa nsalu n'kudikira.

Tsiku limene anasaina fomu ya maola anga
cholembera chinatha inki pakati pa dzina.
Anachigwedeza, anachiuzira mpweya,
ine mtima uli m'mwamba,
mpaka anabwereka changa.

Laisensi inabwera Lachiwiri, mvula ikugwa,
envulopu itanyowa pangodya.
Ndinkayesa ndidzalira.
Ndinangoiyanika pafupi ndi mbaula
n'kutsitsa kope lofiira pamwamba pa kabati.

Usiku wonse ndinawerengera bambo anga.
Fulawa, yisiti, gasi, lendi, mapepala okulungira,
dzina la mayi Farkas amene sanalipirepo
chimwalirire amuna awo,
ndi mzere umene bambo anaujambula pansi pake
osalembapo mawu.
Kutatsala pang'ono kucha, yankho linatuluka:
buledi aliyense wotuluka pakhomo lija
ankapita ndi masenti khumi ndi imodzi athu.
Zaka zonsezo.
Tikagulitsa kwambiri, m'pamene tinkamira kwambiri.

Bambo ankadziwa kapena ayi,
manambala sanena.
Ndatsegula tsamba lililonse kufuna poti ndiwagwire,
ndangopeza chidindo cha chala chawo
chamafuta, pa Disembala.

Mawa lake ndinali ndi kasitomala hafu pasiti naini,
mnyamata wa ku Honduras wogulitsa makeke m'galimoto,
malisiti ake ali m'bokosi la nsapato.
Ndinamufunsa kuti keke imodzi imamudyera zingati.
Anaseka, nati sanawerengepo.
Ndinamukokera mpando,
ndinasola pensulo.