Belo

Kanabwera m'katoni ya sopo
pa kabaza wa Che Amidu, kuchokera ku Chinamwali,
kamimba kali tuu, miyendo ikunjenjemera,
kukamwa kukununkhabe mkaka wa amake.
Mdzukulu wanga Tiyese anati tikatche Kambuku.
Ine ndinati ayi, ameneyu ndi Belo,
poti watuluka masiku ake asanakwane.

Zaka makumi awiri ndi zisanu
ndinayenda ndi makiyi a ndende m'chiuno.
Ndikati "Khalani!" amuna a ndevu zawo ankakhala,
ndikati "Imani!" maondo ankalira.
Ndiye kagalu kokwana m'chipewa kangandivute ine?

Usiku woyamba kanalira m'khitchini
ngati chitseko chosowa girisi.
Ndinakalipa. Kanalirabe.
Ndinagogoda khoma ndi ndodo. Kanawonjezera moto.
Pakati pa usiku, nkhungu itatsika m'phiri
n'kulowetsa chisanu cha Juni pansi pa chitseko,
ndinatulutsa jekete langa lakale la kuntchito,
lija la mabatani onyezimira,
n'kuliyala pasimenti.
Kanazungulira katatu, n'kugona pathumba la pachifuwa.
Zii.

Sabata yachiwiri inali ya milandu.
Silipasi ya mayi a kunyumba, yakumanzere, yatafunidwa.
Matemba a ku Kachulu asowa palichero.
Chithaphwi pakati pa balaza,
alendo a kumpingo ali odi pakhomo.
Tambala wa Abiti Ndembo wabwerera kwawo
mchira uli theka.
Ndinavula lamba.
Kanandiyang'ana mutu uli chopendekera,
khutu limodzi litapindika,
kenako kanabwera kudzanyambita chitsulo cha lambayo.
Dzanja linatsika lokha.

Amene anandiphunzitsa ndi Tiyese, wa Sitandade 5.
Amafumbata kamutu ka usipa,
mawu sakweza, amangoti "Belo, khala,"
ngati akupempha mchere kwa aneba.
Matako akagunda pansi, chikhatho chimatseguka.
Kakalakwa, iye amangotembenuka
n'kumayang'ana mtengo wa mapeyala.
Basi. Chilango chonse n'chomwecho.
Ine ndinaima pakhonde, manja kumbuyo,
n'kumawerenga chamumtima nkhope za anthu
amene sindinawatsegulirepo chikhatho.

Tsiku la katemera wa chiwewe
tinanyamuka wapansi, chingwe m'khosi.
Titafika pa mlatho wa Likangala kanati toto,
n'kukhala pakati penipeni pa msewu,
minibasi ikuliza hutala kumbuyo kwathu.
Kondakitala anatulutsa mutu pawindo:
"Madala, tanyamulani mwana wanuyo!"
Ndinakanyamula, anthu akuseka.
Kamtima kake kankagunda pa nthiti zanga
mpaka kwa dokotala wa ziweto.

Pano miyendo yatalika, mawu akhuthala.
Apusi akatsika kudzaba magwafa
amawauwa molimba mtima,
atabisala kumbuyo kwa miyendo yanga.
Kuseri kwa nkhokwe ya makala ndiko kuchimbudzi kwake,
pabalaza anasiya kalekale.
Silipasi zokha sitinamvanebe.

Lachinayi lapitali wogulitsa nkhuni
anasiya geti pululu.
Dzuwa litapendeka ndinawerenga, monga mwa chizolowezi:
nkhuku zisanu ndi ziwiri, mdzukulu mmodzi,
mayi ali pa makina osokera.
Wina wasowa.
Dzanja linathamangira pachifuwa kufuna wenzulo
amene ndinabweza ku ofesi kalekale.
Tiyese anati, "Agogo, takhalani pansi."
Ndinakhala.

Magetsi a ku Matawale anayamba kuyaka, limodzilimodzi.
Phiri linada, n'kusanduka khoma.
Geti sitinatseke.

Kenako tinamva tizikhadabo pamiyala.
Analowa, ubweya wonse uli chisoso chokhachokha,
matope a mumtsinje mpaka m'mimba,
n'kudzatsamiritsa chibwano pa bondo langa.
Palibe anamuitana, palibe anamugwira.
Zaka zonse zija pageti lachitsulo
sindinaonepo wothawa akubwerera yekha.

Ndinayamba kumuzula chisoso, kamodzikamodzi,
ndi zala zomwe zija za makiyi.