Nthochi Zinayi Zakuda

Ndaweruka sikisi koloko, kunja kudakali mdima.
Mvula ya ku Hull, yosadziwa kugwa kapena kukata,
ikungonyowetsa jekete monyinyirika.
Basi yanditula pa Spring Bank,
miyendo ikunena zake, msana ukunena zake.
Usiku wonse ndimatembenuza makolo a eni
kuti asatuluke zilonda pogona.

Pawindo la kukhitchini nthochi zinayi zada bii.
Dzulo Mtisunge anati tizitaye,
akuti kusukulu anaphunzira za tizilombo.
Ndinati zileke mwanawe,
izi ndiye zafikapo.

Ufa ndi wachikasu, wa m'sitolo ya pakona,
paketi yake yolembedwa zilembo zomwe sindiziwerenga.
Si mgaiwa wa kuchigayo cha pa Lizulu,
koma ukaufumbata m'manja umavomera.
Ndikanya nthochi ndi foloko,
mchere wa zala zitatu,
kasoda ka kunsonga kwa sipuni.
Shuga ayi. Nthochi yakupsa sipempha thandizo.
Muyeso sindinaulembepo paliponse,
dzanja limasunga zomwe mutu unaiwala pabwalo la ndege.

Mafuta ayamba kulankhula.
Choyamba chamira, chabwerera pamwamba
chitatupa ngati tsaya la mwana wonyanyala.
Chachiwiri. Chachitatu chaphulika pambali,
chimenecho n'changa, cha wophika.

Mwadzidzidzi kabelu ka kudenga kaja
kayamba kukuwa ngati kagwira wakuba.
Kuno utsi ndi mlandu.
Ndakwera pampando, ndikukupiza ndi chitenje,
ndikukanyengerera m'Chichewa, m'Chingerezi,
iko osamva.

Gogodo! Gogodo!
Ndi a Pickering a khomo loyandikana,
ovala mkanjo wogonera, nsapato phazi limodzi.
Zaka zitatu timangopatsana moni wa mutu.
Akuti, kodi nyumba ikupsa?
Ndati ayi bambo, n'zitumbuwa.
Ayesa kutchula, lilime lawakanika pa mbu,
aseka, ine ndaseka, kabelu katopa kokha.

Ndawaikira zinayi pambale ya maluwa.
Adya chiimire pakhomo, mphepo ikulowa,
akupemerera zala ngati mnyamata.
Manja awo ndi a munthu wa m'sitima za nsomba,
okhakhala, chala chimodzi chachifupi.
Akuti malemu akazi awo
ankasinja mbatatesi ndi timasamba tonunkhira
n'kukazinga chomwechi Lachisanu lililonse.
Chiwaya chikadali pamsomali, akutero,
sindinachitsitse.
Kenaka ayang'ana mvula nthawi yaitali
ndipo ine sindinawafunse kanthu.

Mtisunge watsika, maso ali ndi tulo,
yunifomu yopinda kolala.
Wanunkhiza, wayang'ana makoko m'bini,
wandiyang'ana ine.
Waluma chimodzi mosakhulupirira,
ngati akusaina kalata yomwe sanawerenge.
Sananene kuti chakoma.
Wangotsegula kabokosi kake ka chakudya,
wasuntha sangweji ya tchizi,
wapanikizamo ziwiri.
Pakhomo watembenuka:
Amayi, akandifunsa ndinene kuti n'chiyani?
Ndati unene dzina lake,
akalephera uwaphunzitse pang'onopang'ono.

Ndagona makatani otseka, tsitsi likununkha mafuta.
Ndalota ndili pa depoti, beseni pamutu,
mabasi onse akupita ku Hull
ndipo palibe yemwe ali ndi chenje.

Folo koloko, mdima wabweranso kale.
Pakhomo pali mbale yanga ya maluwa
yovindikira ndi kansalu koyera.
Masikono atatu, opserera pansi,
olimba moti ungaswere mtedza.
Pakapepala alemba ndi dzanja lonjenjemera:
koyamba kuyatsa uvuni chichokereni iye.

Sindikudziwa anawauza ndani
kuti mbale sibwerera yopanda kanthu.
Ndateleka tiyi, ndaviika sikono,
ndadikira kuti ifewe.
Yatenga nthawi.
Basi ya seveni ndiipeza,
ndipo pobwera mawa ndidzera kumsika,
nthochi zotsika mtengo amaziika pansi penipeni.