Kuseri kwa Chinsalu

Kachipinda kanga kali kumbuyo kwa msika wa Ulongwe,
pakati pa wowotcherera njinga ndi mayi wa zitumbuwa.
Pakhoma ndinapachika chinsalu
chojambulidwa nyumba yosanja, kapinga wometa bwino,
ndi makwerero osapita kulikonse.
Kuseri kwake kuli ndowa, tsache,
ndi matumba a mbatatesi a mlamu wanga.
Palibe anapemphapo kuti ndimujambulire kumeneko.

Anthu amalowa ndi nkhope ziwiri.
Ina yavala fumbi la mumsewu,
inayo aipinda m'thumba ngati metikale yomaliza.
Ntchito yanga ndi kudikira kuti aitulutse.

Jekete yakuda ili pamsomalipo
yakwatira kale kakhumi ndi kawiri,
yafunsira ntchito ku Tete, yamaliza sukulu,
yalalikirapo ndi Baibulo lobwereka,
koma sinatulukepo pakhomo pano.

Mlimi wa ku Tsangano amabisa manja kumbuyo.
Ndimati, bambo, manjawo ndiwo alipira chithunzichi.
Amaseka, osawatulutsa.

Felizarda safuna makina anga,
amangobwereka chinsalu, foni ali nayo.
Ajambula makumi anayi, asiyapo chimodzi,
achiyeretsa khungu, achiwongola mphuno, achitumiza,
n'kukhala pabenchi kudikira
kuti anthu osamudziwa amuuze kuti iye ndi ndani.
Foni ikalira, maso amayaka.
Ikakhala duu, amayang'ana pagalasi langa
ngati waona amene anamubera.

Koma amene sandichoka m'mutu ndi Firimino.
Ntchito ya malasha ku Moatize inamuthera mvula ili pakati,
anangotsala ndi chisoti chachikasu.
Mwezi ukatha ankafika mamawa, msika usanadzuke,
chisoti chili m'jumbo.
"Pindani chinsalucho, achimwene, khoma likwanira,
kumgodi kulibe kapinga."
Avala, atukula chibwano, ine khethe,
chithunzi ulendo kwa amake ku Furankungu.
Iye ulendo kukasenza matumba pa lole,
ndalama ya matumbayo n'kuitchula ya kumgodi.

Lole ija inagubuduzika pamtsetse, usiku wa chifunga.

Patapita sabata amake anabwera,
nsapato zili m'manja, anazivalira pakhomo.
Ankafuna chithunzi choika pakhoma.
Ndinawayalira zonse zisanu ndi zinayi, chibwano m'mwamba.
Anaziyang'ana ngati akusankha nyemba.
"Awa ndi abwana. Ine ndikufuna mwana wanga."

Ndinafufuza m'makina zomwe ndinaiwala kufufuta.
Chinalipo chimodzi cholakwika:
diso limodzi lotsinzina, pakamwa yasa,
dzanja likuvula chisoti,
kumbali kukuoneka tsache ndi ndowa ija.
Tsiku limenelo mbuzi inalowa, iye n'kufa nazo nseko.
"Ameneyo," anatero.

Ndinayamba kusakasaka mawu oti ndiwauze za ntchito ija.
Anandidula ndi dzanja.
"Bambo ake anakumbako malasha.
Malasha sasiya munthu woyera m'makutu chonchija.
Ndinadziwa pa chithunzi chachiwiri."
Nanga bwanji simunamufunse, mayi?
"Ankavutika kundikonzera, ine ndimuphwasulire?
Komanso ndinkapita nazo kumphakati Lachinayi,
azimayi n'kumapatsirana.
Nane ndinali ndi chinsalu changa, mwanawe."

Analipira, ndalama anaimasula pamfundo ya chitenje.
Pakhomo anavulanso nsapato.

Madzulo ndinatsitsa chinsalu kuti ndichichape.
Khoma linatsala ndi mng'alu wake, ndi chisa cha mavu.
Anthu atatu anasuzumira, n'kunena tibwera mawa.
Nditatsala ndekha ndinayesa jekete ija,
yomwe ndaisasa fumbi zaka zonsezi osaivala.
Inandikwana.
Mapewa anawongoka okha, chibwano chinakwera chokha,
ndinamva mawu anga akukonzeka kulankhula Chipwitikizi,
ngakhale m'chipindamo munalibe wondiona
kupatula mavu.