Nyanja ya M'chipinda Nambala Seveni

Madzi amafika folo koloko m'bandakucha.
Mpopi umayamba wakhosomola,
kulavula dzimbiri,
kenako n'kumasuka kukhosi: madzi a ku Lutembwe,
ofiirira ngati tiyi wa pamaliro.
Ine amandipeza chogwada pansi pa sinki,
poti muno mulibe poimika ngakhale njinga:
bedi, mbaula, ndi nyanja ya malita sikisite
pamwamba pa kabati.

Botolo loyamba limagwira matope.
Lachiwiri ndi makala basi,
abale ake a amene aMiti amagulitsa ku Kapata,
koma awa saphika nyemba,
ntchito yawo n'kumeza fungo la mankhwala.
Kenako kachikopa kopyapyala, kouma mtima,
kamabweza madontho anayi
n'kulola limodzi.
Tho.
Tho.
Pomalizira timikanda tobiriwira
timene timafiira tikakhuta zoipa.
Ndikaviika kachipangizo m'kapu
kamati ziro, ziro, ziro.
Madzi opanda mfunda, opanda kwawo,
aiwala phiri la Kanjala,
aiwala ziboda za ng'ombe zimene zinawaponda.

Ndiye ndimawaphunzitsa mchere
wobwera pa basi kuchokera ku Lusaka,
supuni ndi supuni, mpaka akhulupirire
kuti anabadwira ku Nacala,
kumene ndinamiza nkhope kamodzi kokha,
chaka chimene lole ya akulu anga inafera padoko,
n'kuona munda ukupuma pansi pa mafunde.

Madontho okanidwa aja sapita pachabe.
Amatsata paipi mpaka m'ndowa pakhomo,
Zilose wa mu nambala eyiti n'kuchapira matewera.
"Inu," amatero, "kuchezera usiku wonse
kuti miyala imwe?"
Ndimati si miyala, ndi korali, imadya, imadwala.
Amasuzumira, n'kugwira pakamwa:
"Tinsomba tiwiri, tosakwana ndiwo za mwana."

Lachinayi lija Okutobala anali atakwiya.
Mpopi uli zii masiku atatu,
magetsi atapita osatsanzika,
ine ndikutunga ndi kapu n'kuthira, kutunga n'kuthira,
kukhala funde ndi dzanja langa
kuti nyanja isabanike.
Gogogo.
Zilose, tochi ya foni ikunjenjemera,
Tisaine ali lende paphewa,
maso atalowa, liwombo litagwa.
Madzi a pachitsime cha kumadimba
anali atamutsegula m'mimba chiyambire masana.

Pakona panali chigubu changa,
malita makumi awiri, mausiku atatu a tho, tho,
osungira Loweruka, tsiku losintha madzi.
Ndinachiyang'ana.
Ndisaname, ndinachiyang'ana nthawi yaitali
kuposa momwe munthu ayenera.

Lita imodzi.
Timasupuni ta shuga tisanu ndi kamodzi,
theka la mchere, wa pambale, osati wa ku Lusaka.
Manja anga amadziwa kuyeza mumdima.
Kukamwa kwa mwana kunali ngati kachikopa kaja,
kubweza anayi, kulola limodzi,
ndipo tinawerenga limodzi limodzilo
mpaka wanjinga woyamba ataliza belu pamsewu
n'kuwanyamula kupita kuchipatala.
Chigubu chinasamukira mu nambala eyiti.

Loweruka linadutsa.
Ndere zayamba kumera m'mbali mwa galasi,
ndipo korali mmodzi, uja wa nthambi ngati chinangwa,
wayera nsonga.
Mwina abwerera, mwina ayi;
sindinamuuze Zilose.

Lero Tisaine wakwera pampando,
wakanikiza mphuno pagalasi,
akuitana kansomba kamizeremizere kuti "pusi".
Wasiya chidindo cha mamina ndi zala zisanu
pakati penipeni pa Nacala.
Nsalu yopukutira ili m'manja mwangamu,
koma imvani, pansi pa sinki,
mpopi wayambanso kukhosomola.