Kanyali ka pa Pulagi

Tinaimika kalavani kumapeto kwa Okutobala,
pamalo nambala 14, kunja kwa tauni ya Minot,
mphindi khumi kukafika kuchipatala.
Ankati milungu isanu ndi umodzi basi.
Lero ndi Januwale.

Kuno kuzizira sikuodira.
Kumakwawira kunsi kwa nyumba ya matayala
n'kumafufuza pamene pali madzi
ngati wangongole wodziwa tsiku la malipiro.

Paipi yoyamba inali yothirira maluwa.
Usiku umodzi wokha, inasanduka ndodo.
Nditaipinda inangoti thyo,
mkatimo munatuluka ayezi wautali ngati kandulo.

Tomasa wa pa nambala 15, woyendetsa thanki ya mafuta,
anaona zonsezo ali ndi kapu m'manja.
"Orrin, kuno madzi timawafunditsa.
Kagule ija ya waya m'mimba."

Ndinagula, ndikudandaula mtengo mpaka pakhomo.
Ndi yabuluu, mafiti makumi awiri ndi asanu,
chingwe cha magetsi chili lende ngati mchira,
pa pulagi pali kanyali kofiira, kochepa ngati diso la mbewa.
Sitentha moti n'kuwotha, ayi.
Ukavula golovesi n'kuigwira
imangofunda ngati khosi la mwana wogona.
Ntchito yake ndi imodzi:
madzi asaiwale kuyenda.

Mpopi wa panja ndinaukulunga ndi juzi yanga yakale,
ndinamanga tepi, n'kuvindikira ndowa.

Mankhwala amamuumitsa kukhosi Marlys.
Amadzuka cha m'ma fili koloko kufuna madzi,
ndiye ine ndinazolowera kudzukiratu,
kupala chisanu pawindo ndi chikhadabo,
kusuzumira.
Kanyali kakakhalapo, mtima pansi.

Lachinayi lapitali kunali bii.

Ndinatsegula mpopi wa pasinki:
fyoo, kamphepo,
kenako zii.

Panja madigiri makumi atatu pansi pa ziro.
Mphuno zimamatana ukapuma.
Swichi ya pamtengo wa magetsi inali itagwa,
hita ndi ketulo nthawi imodzi, kulakwa kwanga.
Ndinaikweza. Kanyali kanatsegula diso.
Koma pachigongono cha mkuwa,
pamene paipi imalowera m'khoma,
pamene waya safikapo,
panali pataumiratu gwa.

Ndinabwerera m'nyumba kusaka chotenthetsera.
M'dirowa ya pansi, kuseri kwa mataulo,
ndinapeza kamakina kake koumitsira tsitsi,
chingwe chili chikulungire kuyambira Novembala,
pamene tsitsi lomaliza linatsalira papilo.
Ndinaima nako ngati wakuba.

Iye osatsegula n'komwe maso:
"Tenga. Nakonso kagwireko ntchito."

Choncho ine, mwamuna wa zaka makumi asanu ndi awiri,
ndinagona chagada pachipale,
ndikuuzira mphepo yotentha pakachitsulo kosaposa chala,
ndevu zili mbuu, zala sindikuzimva.
Fungo la mafuta ake a m'mutu
linatuluka m'kamakinako pang'ono chabe,
mphepo n'kulilanda.

Tomasa anatulukira atavala jekete pamwamba pa zogonera.
Sanafunse kanthu.
Anangoyatsa tochi n'kuima kumene kumachokera mphepo.

Mphindi makumi awiri, kapena kuposa.
Kenako paipi inatsokomola.
Inatsokomolanso, n'kunjenjemera m'dzanja langa
ngati kanyama kotsitsimuka.
Kupyola khoma ndinamva madzi akugwera m'kapu,
phokoso likukwera, kukwera, mpaka kudzaza.

Go, go.
Anagogoda khoma kawiri.

Mawa dokotala adzatchulanso manambala ake,
ine ndidzagwedeza mutu ngati ndamva.
Za m'magazi a Marlys sindingazifikire ndi sipanala.
Zanga ndi izi:
mafiti makumi awiri ndi asanu
kuchokera pampopi kufika pakhoma,
chigongono chija ndachiveka sokosi ziwiri,
ndipo ketulo sindiyatsanso hita ikuyaka.

Kamakina sindinakabwezere m'dirowa.
Wati ndikasiye pafupi ndi chitseko,
mwina mpaka Epulo.