Penti wa Pansi Penipeni

Anaibweretsa chokoka, Lachiwiri, mvula ikuwaza,
kuchokera ku Chigumula, kumene nkhuku zinkaikiramo mazira.
Lole yopanda maso, matayala awiri obwereka.
A Makwinja, mwini wake watsopano,
anatsegula buku, chala pa chithunzi:
Lifa, ndikufuna ifanane ndi iyi,
monga inalili asilikali a Keyala akadali m'menemo.

Galaja yanga ili ku Ndirande, kuseri kwa osula mbaula.
Denga ndi malata anayi, kwinako ndi thambo.

Ndinayamba kupala.
Pamwamba panali buluu, penti wa nyumba,
wopakidwa mwina ndi tsache
m'masiku amene inkatuta nthochi za ku Thyolo kupita ku Limbe.
Pansi pa buluu, woyera,
ndi mawu odyedwa ndi dzimbiri: TONSE NDI ALE
basi, otsalawo anapita ndi amene inkawanyamula.
Pansi pa woyera, chikasu cha okonza misewu.
Sandipepala anatha, zikhadabo zinatsatira,
ndipo pansi penipeni
panatuluka kobiriwira kotuwa, kofooka ngati nsalu yochapidwa zaka.

Ndinasakaniza katatu.
Koyamba kunatuluka nkhwani.
Kachiwiri, yunifolomu ya ana a sukulu.
Kachitatu ndinati ndapeza, ndinapopera chitseko chonse,
chinawala mpaka ndinaona mano anga.

Kopolo Likaomba anabwera naye mdzukulu pa kabaza, kuchokera ku Bangwe,
maso ataphimbidwa ndi ng'ala.
Sanafunse za mtundu. Anasisita ndi chikhatho.
Yaterera, anatero. Mwaikonzera ukwati?
Yathu sinkawala, mwana iwe.
Chowala chimaitana chipolopolo.
Galasi lenilenilo tinkalimata matope.

Nanga mtundu, bambo?
Anaseka, nakhosomola nthawi yaitali.
Ndowe ya ng'ombe ya m'dzinja, itagona usiku umodzi.
Ukafuna umboni masula mpando wa dalaivala,
kumeneko dzuwa silinafikeko.

Mabawuti anayi, awiri anathyoka.
Ndipo unalipo, waukulu ngati chikhatho,
wosafufuka, wosakhudzidwa ndi burashi ya munthu aliyense.
Ndinathira wakuda pang'ono, wofiirira supuni ziwiri,
kudontheza pambali pake, kudikira uume,
kuthiranso, kudikiranso,
mpaka diso linalephera kupeza malire.

Manambala ndinaboola pa katoni ya sopo ndi lezala.
Oyera, pa zitseko zonse ziwiri.
Kutsogolo bwalo lachikasu, nambala yakuda pakati.
Kopolo anati imeneyo inkauza mlatho kulemera kwa lole,
ngakhale kulemera kwa anthu obwerera ali chigonere
palibe ankakulemba.

Koma pansi pa mpando paja panalinso china.
Winawake anakanda ndi msomali, zilembo zopendama:
ABITI SUMANI NDIDIKIRE.

A Makwinja anatembenuza masamba onse.
M'buku mulibe, anatero. Kwirira.
Ndinamuwerengera Kopolo mokweza.
Anakhala chete, akupukusa chipewa m'manja.
Si ine, anatero. Ine kulemba ndinaphunzira nditabwerako.
Tinali ambiri odikiritsa anthu.

Usiku magetsi atathima
ndinayatsa tochi ya foni, kuiluma ndi mano,
ndinamata tepi kuzungulira mawuwo
ndi kupopera kwina konse.
M'mawa ndinabwezera mpando, mabawuti atsopano,
ndinamanga mpaka sipanala kulira.

Loweruka inatuluka yokha, ikutsokomola utsi,
kutsika ku Chinseu, kulowera ku Ginnery Corner,
yosawala ngakhale pang'ono.
Ana anaithamangira. Wapolisi wina anachita saluti mwanthabwala.
A Makwinja anakhala pa chiwongolero, akumwetulira,
atakhalira pempho la munthu wina
osadziwa.

Anandilipira zonse, kupatula za mabawuti.
Mtunduwo ukadali m'zikhadabo zanga,
thina wakanika kuuchotsa.