Madzi a m'Mkuwa

Magetsi akathima ku Chinika
injini yathu ya gasi imadzuka.
Imayamba ngati udzudzu m'khutu,
kenaka ndege yomangidwa miyendo
imene sidzaona mtambo.
Pa magawo atatu a moto umene imadya
limodzi lokha limasanduka kuwala.
Awiriwo ankatulukira pachumuni,
akhwangwala n'kumaotha ulere.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkauyang'ana mpweyawo
ukunjenjemera pamwamba pa malata,
mwezi wa Juni, manja ali m'khwapa,
m'mutu ndikuwerengera thumba la malasha
limene Tikambenji anakongola ku Kanyama.

Ndiye kunabwera Nakazwe,
injiniya wamfupi, wa nsapato zachitsulo kumphuno.
Anandipatsa paipi yamkuwa
yotalika ngati mkono wanga,
yotseka uku ndi uku.
Gwedeza, anatero. Ndinagwedeza. Zii.
Muli madzi, akutero, osadzaza ndi supuni yomwe,
mpweya tinaupopa wonse.
Anaviika mutu wa paipiyo m'kapu yanga ya tiyi,
ine nditagwira kumchira.
Ndisanamalize kuseka
ndinaiponya pansi, chala chili m'kamwa.

Tinaimika mazana awiri ndi makumi anayi
pakhosi pa chumuni.
Chimango ndinawotcherera ndine,
chipsera chake ichi pachigongono.

Tsopano usiku ndimakhala nawo pafupi, ndimamvetsera.
Palibe pampu, palibe lamba wolira,
palibe wopempha girizi.
Pansi madzi awira,
nthunzi yasenza moto, liwiro kumtunda,
yatula pozizira, yasanduka dontho,
dontho latsetsereka ndi khoma
kubwerera komwe linapsa.
Kupita, kutula, kubwerera,
m'chipinda chopanda khomo
momwe dontho silitayika ndi limodzi lomwe.

Madzi otsukira mabotolo akutentha okha tsopano.
Boyila yakale ya dizilo yagona,
akangaude aitenga lendi.
Abwana anatigulira zakumwa, botolo limodzilimodzi,
Nakazwe anajambulidwa atavala chisoti changa
poti chake chinali ndi mng'alu.

Koma pali chimene sindinamuuze.
Ndikamva madonthowo, ngakhale samveka,
ndimaona Tikambenji mbandakucha
akupanikizana m'minibasi ya ku Kabulonga,
kukasita malaya a eni,
kukafunditsa mkaka wa mwana wa eni,
madzulo n'kutsika atazizira, atachepa,
mapazi atatupa,
kudzagona pang'ono pomwe anapsa
kuti mawa akwerenso.
Iyenso palibe amamumva akuyenda.

Ndinafunsa tsiku lina:
kodi paipi yotere singatalike
kudumpha mpanda, kuoloka ngalande,
mpaka Kanyama?
Nakazwe anayang'ana mpandawo nthawi yaitali.
Kutentha sikukonda ulendo, anatero,
kumathera m'njira ngati malipiro.
Kenaka anatulutsa cholembera,
analemba kanthu kuseri kwa lisiti,
sanandionetse.

Ntchito ikatha, folo koloko m'mawa,
ndimagwira thanki ndi zikhatho zonse ziwiri
mpaka zitafiira,
ndimazibisa m'matumba a ovolosi,
ndimayenda mofulumira ngati wakuba.
Mlonda Simwinga amandisecha pachipata,
sapeza kanthu.
Ndisanaoloke msewu wa Mumbwa
zimakhala zitayamba kale kuzizira.
Dzulo ndinathamanga.
Ndinampeza akumanga mpango pakhomo,
ndinamugwira masaya.
Anati, iwe, wadwala malungo?